Kuyankha Ndekha pa Raundi ya Lachinayi

Lachitatu, 12 Julaye 2006

Lero ndi tsiku lachisanu chigonekedwere muno, koma loyamba kugwira cholembera. Kope ili wandibweretsera Olipa, mnansi wanga wa ku Area 23, pamodzi ndi mbatata ziwiri zootcha. Anesi a Sophie ayamba alitembenuza kuona ngati lili ndi waya, kenako andipatsa. Cholembera ndizibweza madzulo aliwonse.

Ndilembe zimene ndikudziwa kuti mawa ndisavutitse munthu. Ndine Jemima Gwanda, zaka 47, mphunzitsi wa Sitandade 5. Amuna anga, a Yona, anamwalira mu Malichi. Ndili mu wodi ya amayi odwala maganizo. Anandibweretsa Loweruka ndi achimwene anga a Ephraim, ochokera kwathu ku Dedza. Akuti anandipeza kumanda ndili chikhalire pambali pa mtumbira, wopanda nsapato. Ine ndikungokumbukira kuzizira kwa dothi.

Mankhwala: amitriptyline 75 mg madzulo, CPZ 100 mg m'mawa ndi madzulo. Sikelo yati makilo 49.

Mwana wanga Thokozire akugona kwa Olipa. Ali Sitandade 8, mayeso ali pafupi.

Lachinayi, 13 Julaye

Raundi. Tinandanda pabenchi kudikira adokotala, anthu oposa makumi atatu, aliyense ndi gadiyani wake, wachibale womuyang'anira. Achimwene anabwera pa minibasi yoyamba, atavala jekete la kutchalitchi.

Adokotala a Musa ndi wachinyamata wofatsa, maso ofiira ndi kutopa. Anati, "Amayi, mukupeza bwanji?" Ndisanameze malovu, achimwene anali atayamba kale: sadya, sagona, amayankhula ndi malemu. Sananame. Ine ndinayang'ana pansi, manja pamiyendo. Mphindi zisanu zinatha, analowa wina.

Bedi loyandikana ndi langa ndi la Elube wa ku Mgona, wogulitsa zitumbuwa. Aka ndi kachinayi kugonekedwa. Nditabwerako wati, "Madamu, mayeso mwakhoza?" Ndati sindinalembe n'komwe. Waseka mpaka kutsokomola.

Loweruka, 15 Julaye

Lilime likulemera. Khosi lauma ngati mtengo. Phala ndataya theka pachitenje.

Ndagona maola anayi.

Lamlungu, 16 Julaye

Dzanja likunjenjemera. Malovu. Amayi a mvano anabwera kudzaimba, sindinathe kutsegula pakamwa.

Lachiwiri, 18 Julaye

Kwabwera mayi wina wamfupi, wovala mpango woyera wophimba mpaka m'khosi, chikwama chakuda m'khwapa. Elube wakuwa, "Wafika loya wathu wopanda gauni!" Mayiyo wati, "Iwe Elube, ngati ndine loya, bwanji sunandipatsepo ngakhale chitumbuwa chopserera?"

Dzina lawo ndi mayi Zaituni, a ku Kawale. Si nesi, si dokotala. Ali m'kagulu ka anthu amene anadwalapo matenda ngati athuwa, ndipo chipatala chinawalola kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi kudzamva madandaulo a odwala ndi kuwaperekeza kwa oyenera.

Anakhala pamphepete pa bedi langa, osandifunsa kuti ndikudwala chiyani. Anangoyang'ana mmene ndinkatembenukira thupi lonse pofuna kuwaona.

"Khosi limeneli munabwera nalo?"

Ndinapukusa dzanja kukana.

"Anesi mwawauza?"

Ayi. Ndinkaganiza kuti ndi matendawo akukula, ndipo ndinkaopa kuti akadziwa andisunga nthawi yaitali.

"Ine si dokotala," anatero, "koma khosi lotere ndinakhala nalo. Nthawi zina amachititsa ndi mankhwala. Ndikanene ndine, kapena mukanene nokha ine ndili pambali?"

Chiyambire Malichi anthu akhala akundichitira zinthu zabwino zambiri, koma palibe anandifunsapo funso lokhala ndi "kapena". Tinapita tonse. Mawu anatuluka ngati a woledzera, komabe anali anga. Anesi a Sophie anandigwira mkono, kuupinda, kuuwongola, n'kukaitana adokotala.

Awonjezera Artane 5 mg m'mawa. CPZ ya m'mawa aichotsa, yatsala ya madzulo.

Lachitatu, 19 Julaye

Khosi lamasuka. Ndatafuna chinangwa chimene Olipa anabweretsa, ndamva kukoma kwake. Maola asanu ndi limodzi a tulo.

Masana ndinakhala pakhonde kuothera dzuwa. Mphepo inabweretsa fungo la utsi wa zinyalala, koma m'mphuno mwanga munalowa fungo lina, la fodya wa ku Kanengo. A Yona ankabwera nalo m'malaya miyezi ngati ino, nyengo ya msika wa fodya, kumene ankagwira ntchito. Ndinkawathamangitsira kubafa, iwo n'kumati, "Fungo limeneli ndi limene lakugulira mbale, Jemima." Zaka makumi awiri ndinkalidandaula. Lero ndinalifunafuna mumphepo.

Ndalira pang'ono, kulira wamba, kwa munthu wofedwa. Kumasiyana ndi kuja kwa mu Juni, kumene kunalibe misozi.

Lachinayi, 20 Julaye

Raundi yachiwiri. Mayi Zaituni anali ku wodi ya abambo.

Ndinalowa nditakonzeka kunena kuti ndikudya, ndikugona. Adokotala anafunsa, achimwene anayankha. Anati sakuona kusintha, chifukwa akabwera sindiwayankhula. Kenako ananena zimene agwirizana ndi akumudzi: ine ndipite kuchipatala chachikulu ku Zomba ndikachire bwinobwino, Thokozire amutenga sukulu ikatsekera pa 4 Ogasiti, akakhale kwawo ku Dedza.

Ndinafuna kukana. Koma iwo ndi mwinimbumba. Chimwalirire amayi, nkhani zonse za ife alongo awo ndi ana athu zimathera pa iwo. Mkamwa mwanga munadzaza mawu, maso anakana kuchoka pa simenti.

Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amayi, mwamva?" Ndinagwedeza mutu. Analemba. Ati tione sabata imodzi. Zikakhala chimodzimodzi, alemba kalata ya ku Zomba.

Lachisanu, 21 Julaye

Sindinadye m'mawa. Masana ndadya chifukwa Elube anaima pamutu panga. "Madamu, mukafa ndi njala bulangete lanulo nditenga ine, ndanena poyera."

Loweruka, 22 Julaye

Ana salowa mu wodi. Olipa anabwera ndi Thokozire mpaka pampanda wa waya, anesi anandiperekeza. Watalika, kapena ndine ndafupika. Tsitsi anamumeta bwino. Anandipatsira futali m'kambale kudzera pansi pa geti.

"Amama, atsibweni akuti ndiyambe kulongedza."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Kumudzi sukulu ili kutsidya kwa mtsinje. Ndiye mayeso ndikalembera kuti? Dzina langa lili kuno." Anakanda waya ndi chala. "Komanso inu mukatuluka mudzapeza ndani?"

Ndinamuuza kuti asalongedze kaye. Pobwerera ndinadzifunsa kuti ndalonjeza ndi mphamvu iti.

Lachiwiri, 25 Julaye

Ndawafotokozera zonse mayi Zaituni pakhonde. Ndinayambira pa Thokozire, ndinakathera pa mmene tinkapitira kusukulu ndi achimwene tili ana, iwo patsogolo kugwetsa mame ndi ndodo kuti diresi langa lisanyowe. Anandisiya ndiyankhule. Kenako anayang'ana wotchi.

"Mayi Gwanda, mwayankhula mphindi makumi anayi osapuma. Ndiye adokotala akuti palibe kusintha chifukwa chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Mukufuna tikapemphe kuti atiuze zimene zalembedwa? Fayilo ndi yanu, ine sindingaione popanda inu kulola."

Anesi a Sophie anatsegula, ndinawerenga ndekha. Pa maraundi onse awiri adokotala analemba m'Chingerezi zofanana: sayankha mafunso, sayang'ana munthu m'maso, mbiri yaperekedwa ndi mchimwene wake. Anesi anati, "Ifetu tinalemba kumbuyoku kuti mukucheza ndi anzanu. Koma pa raundi anthu ndi ambiri, adokotala amakhulupirira zimene aona ndi maso."

Mayi Zaituni anafunsa, "M'chipindamo mumakhaliranji chete?"

"Achimwene amakhala akuyankhula."

"Akamaliza?"

"Ndiwatsutse pamaso pa mlendo?"

Anaseka mpaka kugwira bondo langa. "Ndiye ulemu wa ku Dedza ukukutengerani ku Zomba! Mayi, ulemu ndi matenda anuwa zimavala chitenje chimodzi. Onse awiri amayang'ana pansi. Dokotala wa mphindi zisanu angasiyanitse bwanji?"

Inenso ndinaseka, kenako manyazi anandigwira. Ndaphunzitsa ana zaka makumi awiri ndi zitatu kuti ayankhe mokweza.

Anandiuza kuti njira zilipo ziwiri. Ndili ndi ufulu wopempha kuonana ndi adokotala ndekha, achimwene ali panja. Kapena tiyambe takamba nawo achimwenewo. Ndinati kuwatulutsa sindingathe. Munthu wasiya dimba lake katatu kudzakhala pabenchi chifukwa cha ine.

"Chabwino. Koma mudziwiretu: ine sindikanena kuti mwachira, chifukwa sindikudziwa. Ndipo akakufunsani zovuta, musakabise kuti mutuluke msanga. Ntchito yanga ndi yoti mawu anu akafike. Akakhala abodza, ndanyamula chiyani?"

Ndinawafunsa chimene chinawayambitsa ntchitoyi. Anati iwo anagonapo m'chipatala miyezi isanu ndi iwiri. Itatu yoyamba ankadwala. Inayi yotsalayo ankangodikira wachibale woti adzawasainire. Sananene zambiri, ndipo sindinafunse.

Lachitatu, 26 Julaye

Ndalemba papepala zimene ndikufuna ndi zimene ndingalonjeze. Olipa wavomera mbali yake, waimbiranso achimwene kuti mawa afike msanga.

Elube anati tiyeserere. Anavala bulangete ngati jekete, anakweza mapewa, n'kukhala pabedi miyendo tang'a. "Adokotala, mlongo wangayu ndi mbuzi yosalira." Ndinati, "Achimwene, ndiloleni." Iye, "Khala chete, ndinakubereka kumsana ine!" Wodi yonse inafa ndi phwete, ngakhale agogo a pakona amene sanasekepo chibwerere. Tinabwereza kanayi. Kachinayi mawu anga anamveka mpaka ku ofesi ya anesi.

Sikelo: makilo 51.

Lachinayi, 27 Julaye

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja litope.

Achimwene anafika isanakwane eyiti. Tinakhala pabenchi ya panja. Mayi Zaituni anawapatsa moni wa manja awiri, anafunsa za kumudzi, za chisanu, za mbatata ya kachewere. Kenako anati, "Abambo, ine sindinabwere kudzalanda udindo wa munthu. Mbumba ndi yanu. Koma alongo anuwa ali ndi pempho." Anatembenukira kwa ine, n'kutseka pakamwa.

Ndinayang'ana nsapato zawo. Zinali ndi fumbi lofiira la kwathu.

"Achimwene, lero m'chipindamo ndikupempha ndiyankhe ndekha."

"Kodi ine ndinakutseka pakamwa?"

"Ayi. Koma mukayamba inu, ine sindingadutse."

Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati. "Ine ndimayesa sungathe. Ndimati ndikakhala chete tingoyang'anana ndi adokotala, uchite manyazi."

Tinalowa atatu. Mayi Zaituni anapempha kukhala nawo, adokotala anandifunsa ngati ndalola, ndinati eya. Adokotala anadzutsa mutu msanga: aka kanali koyamba kumva mawu anga m'chipinda chimenecho.

"Amayi, mukupeza bwanji?"

"Iyeyu adokotala..." anayamba achimwene mwachizolowezi. Mayi Zaituni anatsokomola pang'ono. Achimwene analuma mlomo, n'kufinya chipewa.

Ndinanena tsiku, mwezi ndi chaka. Ndinanena maola a tulo a sabata yonse ndi mankhwala amene ndikumwa. Anafunsa ngati ndikumvabe mawu. Ndinati ndinkawamva a Yona akundiitana dzina, komaliza linali Lolemba la sabata yatha. Anafunsa za maganizo ofuna kufa. Ndinati analipo, amphamvu, mu Juni. Pano m'mawa mwina amadutsa ngati munthu wapanjira, koma sindimupatsa mpando.

Adokotala anaika cholembera pansi. "Nanga masabata awiri onsewa munali kuti, amayi?"

"Ndinali pompano. Achimwene anali kuyankhula."

Anatiyang'ana tonse awiri, kenako anadzigwira pamphumi. "Mayi anga omwe amatero akakhala pamaso pa atsibweni. Ndinayenera kuzindikira." Anatembenuza fayilo, anawerenga zimene anesi analemba kumbuyo.

Ndipo achimwene anapempha kuyankhula. Sanayang'ane adokotala, anayang'ana ine.

"Jemima, mwana uja anakhala masiku atatu m'nyumba mopanda moto, iwe uli chigonere kuyang'ana khoma. Tsiku lachinayi anadzuka iwe palibe. Anandiimbira pa foni ya eni ake akulira, mawu osamveka. Ine ndili ku Dedza, minibasi kulibe. Ukudziwa mmene msewu umenewu unatalikira tsiku limenelo? Zikadzachitikanso adzaimbira ndani?"

Zimenezi sindinkazidziwa zonse. Ndinayang'ana mayi Zaituni kuti andithandize. Anangoloza pepala langa ndi chibwano.

Ndinawerenga. Mankhwala azisunga Olipa, ndizimwera pamaso pake. Ndizibwera kuchipatala mwezi uliwonse. Ndikakhala masiku awiri osadya kapena osagona, Olipa andibweretse kuno osandipempha, ndipo aimbire achimwene tsiku lomwelo. Thokozire asakhale mlonda wanga. Ntchito yake ndi sukulu. Mayi Zaituni anawonjezera kuti, ndikalola, akadziwitsa a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti azidzationa kunyumba, ndiponso kagulu kawo kamakumana Loweruka lililonse ku Kawale.

Adokotala ati za ku Zomba aziika pambali. Ndipite kunyumba Loweruka, ndibwere Lolemba, aone. Za mwana ati si za chipatala, tikambirane pabanja.

Achimwene anangoti, "Tiona."

Potuluka ndinapeza Elube akudikira pakhomo. "Madamu?" Ndinati ndalemba, zotsatira sizinatuluke.

Lachisanu, 28 Julaye

Ndagona maola asanu ndi awiri. Thupi lonse likuwawa ngati ndinalima.

Ndakhala ndikuganiza za masiku atatu aja. Ndidzamupepesa Thokozire, koma osati momusenzetsa katundu wina.

Lolemba, 31 Julaye

Ndabwerako.

Nyumba inandilandira ndi fungo lotsekeredwa. Malaya a a Yona anali pamsomali pomwe ndinawasiya. Ndinakhala pampando, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti achimwene akunena zoona. Ndinatuluka, ndinakagogoda kwa Olipa, ndinamuuza momwemo. Anabwera, tinatsegula mawindo onse, tinachapa makatani. Malaya tinawapinda, tinawaika m'sutikesi. Sindinawataye.

Lamlungu ndinaphika ndekha, nyemba ndi mpiru wotendera. Mchere unachepa. Thokozire anadya, kenako anabweretsa buku la masamu. Tinalimbana ndi samu imodzi ya sitima ziwiri zonyamuka nthawi zosiyana mpaka tonse tinailephera. Anaseka. Ndinali nditaiwala kuti akamaseka amatseka maso ngati bambo ake.

Achimwene anagona kwa mnzawo ku Biwi, anabwera masiku onse awiri. Anakonza chitseko cha bafa chimene chinagwa mu Epulo, ankangondiyang'ana chamchibisira.

Adokotala ndawauza zonse, ndi za kudzikayikira kuja zomwe. Ati ndi bwino kuti ndinakagogoda. Akapanda kuona chovuta, Lachinayi ndituluka.

Lachiwiri, 1 Ogasiti

Mayi Zaituni abwera ndi mayi wa ku ofesi ija, walemba mmene angapezere nyumba yathu: kuseri kwa chigayo, geti la malata obiriwira.

Ndinawathokoza mayi Zaituni, ndinati mwandipulumutsa. Anakana. "Ine ndinangotsokomola." Anali kale kuyang'ana bedi la pakhomo, pomwe agoneka mtsikana wobwera dzulo, amene gadiyani wake akumuyankhira ngakhale dzina.

Elube akuti akatuluka adzandipeza ku Area 23 ndi zitumbuwa, koma zogula. Mlongo wake walonjeza kubwera Lachisanu kudzamusainira. Mayi Zaituni ati akapanda kubwera akamutenga okha ku Mgona.

Za Thokozire achimwene sananenebe kanthu. Sukulu itsekera Lachisanu.

Lachinayi, 3 Ogasiti

Ndatuluka. Ndikulemba ndili pakhonde pathu.

Mankhwala a mwezi: amitriptyline 75 mg madzulo, CPZ 100 mg madzulo, Artane 5 mg m'mawa. Kubwerera pa 31 Ogasiti. Makilo 52. Asainira awiri, achimwene ndi Olipa.

Titafika kunyumba achimwene anakana tiyi, ati minibasi za ku Dedza zimavuta dzuwa likapendeka. Ndinawaperekeza mpaka pachigayo. Pamenepo anaima, anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa envelopu yopindika pakati. Inali kalata ya thiransifa, yosamutsira Thokozire kusukulu ya kumudzi, yodindidwa kale ndi ahedi. Anaitenga sabata yatha, tsiku lisanafike la raundi ija.

Mumtima ndinati basi, mawa akumutenga.

Anaiika m'dzanja langa, anapinda zala zanga pamwamba pake.

"Isunge ndiwe. Tsiku udzaone kuti zakulemera, usadzadikire kuti mwana aimbe foni. Udzamutumize wekha, ine ndidzamulandira pa siteji. Ukapanda kuona choncho, alembe mayeso ake konkuno."

Ndinati, "Zikomo, achimwene." Ndinawayang'ana kumaso ponena. Akalamba, ndevu zayera mbali imodzi. Sindikudziwa kuti zinayamba liti.

Thokozire wabwera kuchokera kusukulu, waima pageti, yunifolomu ili mbuu ndi fumbi. Wayang'ana ine, wayang'ana m'nyumba ngati muli munthu wina.

"Atsibweni apita?"

"Apita."

"Ndiye ndilongedze?"

"Vula yunifolomu uchape. Mawa uli ndi sukulu."